ACT for ALS

ACT for ALS ndi lamulo la dziko la United States lolola boma kupereka ndalama zothandizira kafukufuku wa matenda a ALS ndi matenda ena ogwira anthu ochepa omwe amawononga ubongo ndi mitsempha pang'onopang'ono. Dzina lake lonse ndi Accelerating Access to Critical Therapies for ALS Act. Pulezidenti Joe Biden adasaina lamuloli pa 23 Disembala 2021.

Chifukwa chake

ALS imapha maselo a mu ubongo ndi mu msana omwe amalamula minofu kuti igwire ntchito. Wodwala amayamba kulephera kuyenda, kulankhula ndi kumeza, kenako kupuma. Ambiri amamwalira pakati pa zaka 2 ndi 5 matendawa akadziwika. Mankhwala monga riluzole, omwe adavomerezedwa mu 1995, amangochedwetsa matendawa koma sachiza.

Ku United States, matenda amawerengedwa kuti ndi a anthu ochepa ngati odwala ake safika 200,000. Makampani opanga mankhwala sapeza phindu lalikulu pa matenda otere, motero kafukufuku wake amadalira kwambiri ndalama za boma. Komanso odwala ALS ambiri saloledwa kulowa nawo m'kafukufuku woyesa mankhwala atsopano chifukwa matenda awo amakhala atakula kale.

Zomwe lamuloli likunena

Lamuloli lidalola boma kugwiritsa ntchito madola 100 miliyoni chaka chilichonse kuyambira 2022 mpaka 2026, ngakhale aphungu amayenera kuvomerezabe ndalamazo mu bajeti ya chaka ndi chaka. Gawo lina limalipira kafukufuku wopatsa odwala omwe adatsalira kunja mwayi wolandira mankhwala omwe akuyesedwabe. Gawo lina limapita ku bungwe loona za mankhwala la FDA, lomwe limagawira ndalamazo akatswiri ofufuza ALS ndi matenda ena a mtunduwu.

Lamuloli lidauzanso FDA ndi bungwe la boma lofufuza zaumoyo la NIH kuti agwire ntchito limodzi ndi mabungwe omwe si a boma. FDA idatulutsa dongosolo lake la zaka 5 mu Juni 2022.

Omwe adalimbikitsa

Aphungu a zipani zonse ziwiri zikuluzikulu adagwirizana pa biluyi. Adaitsogolera ndi Mike Quigley ndi Jeff Fortenberry m'nyumba ya House of Representatives, komanso Chris Coons ndi Lisa Murkowski m'nyumba ya Senate. Bungwe la I AM ALS, lomwe adayambitsa Brian Wallach atapezeka ndi matendawa, lidali m'gulu la omwe adamenyera nkhondo kuti biluyi idutse.