Mapurobayotiki ndi zitsamba m'chakudya cha nsomba

Bungwe la FAO linanena kuti m'chaka cha 2022, kwa nthawi yoyamba, nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi zoweta zinaposa zogwidwa m'nyanja ndi m'mitsinje. Koma nsomba zikathithikana m'dziwe limodzi, matenda amafala msanga, ndipo alimi ambiri akhala akudalira maantibayotiki. Mankhwalawa akamagwiritsidwa ntchito mwachisawawa, mabakiteriya amayamba kusamva mankhwala, zomwe zimaikanso moyo wa anthu pachiswe. N'chifukwa chake mayiko a European Union analetsa kuthira maantibayotiki m'chakudya cha ziweto pofuna kuzikulitsa msanga kuyambira mu Januwale 2006, ndipo akatswiri akhala akufufuza njira zina.

Njira imodzi ndi ya mapurobayotiki. Izi ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timathandiza thupi tikadyedwa tili tamoyo komanso pamlingo wokwanira. Todziwika kwambiri ndi Bacillus subtilis, Lactobacillus ndi yisiti wa Saccharomyces cerevisiae. M'matumbo mwa nsomba timalimbirana malo ndi chakudya ndi mabakiteriya oyambitsa matenda monga Aeromonas ndi Streptococcus, timathandiza kugaya chakudya ndiponso kulimbikitsa chitetezo cha m'thupi. Kutentha kwa makina opangira chakudya kumapha Lactobacillus mosavuta, pomwe Bacillus amapirira, choncho opanga ambiri amakonda Bacillus kapena amawaza tizamoyoti chakudya chikazirala.

Njira ina ndi ya zomera. Adyo, jinja, nimu ndi masamba a cham'mwamba zayesedwa pa nsomba za mtundu wa chambo ndi milamba. Adyo ali ndi allicin, yemwe amalimbana ndi mabakiteriya. Mlingo wake ndi wofunika kuusamala: cham'mwamba chikachuluka chimachedwetsa kukula chifukwa chili ndi zinthu zolepheretsa nsomba kupindula ndi chakudya, ndipo nimu wambiri angathe kupha nsomba.

Zowonjezerazi zimathandiza kupewa matenda koma sizichiza mliri ukabuka. Matenda a zilonda a EUS, omwe anapezeka ku Mchinji m'Malawi mu 2020, amayambitsidwa ndi nkhungu ya m'madzi, ndipo chowaletsa kufala ndi kusasamutsa nsomba ndi maukonde kuchoka kumadzi okhudzidwa. Ku Norway, chimene chinachepetsa kwambiri maantibayotiki pa ulimi wa nsomba za salmon ndi katemera. Mlimi wothira adyo m'madeya ayenerabe kusamala madzi, kusadzazitsa dziwe ndi kugula mbewu ya nsomba yathanzi.