Makungwa a ku Yirrkala: Ndani Ayankhulira Mudzi?

Yirrkala ndi mudzi waung'ono wa m'mphepete mwa nyanja, kumpoto chakum'maŵa kwa Arnhem Land, m'chigawo cha Northern Territory ku Australia. Eni ake ndi a Yolŋu, amodzi mwa anthu oyamba kukhala m'dzikolo, otchedwa Aborigine. Mudziwu unayamba mu 1935 pamene amishoni a mpingo wa Methodist anasonkhanitsa pamalo amodzi mafuko angapo, lililonse la dera lake, nyimbo zake ndi kalankhulidwe kake. Mfundo imeneyi tiigwiritse, pakuti kwa a Yolŋu chilankhulo cha fuko ndi nthaka ya fuko ndi choloŵa chimodzi chochokera kwa atate. Kunalibe mfumu imodzi yolamulira onse.

Mu 1963 boma la Australia linapatula masikweya mailosi 140 a nthaka yawo kuti pakumbidwe miyala ya bauxite, osafunsa eni ake. Iwo analemba madandaulo m'chilankhulo chawo ndi m'Chingerezi, namata pepalalo pa khungwa la mtengo, lojambulidwa m'mbali zizindikiro za Dhuwa ndi Yirritja, magawo aŵiri amene Myolŋu aliyense amabadwira m'limodzi mwa iwo. Chikalatacho chitafika ku Nyumba ya Malamulo ku Canberra mu Ogasiti, nduna Paul Hasluck inakayika ngati anthu 12 osainawo anali ndi udindo woyankhulira mafuko onse. Ife tiona kuti nduna inaŵerenga maina nkusiya zojambula, pamene ulamuliro weniweni unali m'zojambulazo, popeza chizindikiro cha fuko sajambula munthu wamba. Akuluakulu anayankha podinda zala zawo papepala lina.

Mgodi sunaletsedwe. Pamlandu wa Milirrpum ndi kampani ya Nabalco, mu 1971, woweruza Richard Blackburn anavomera kuti a Yolŋu ali ndi malamulo awoawo olongosoka, komabe anagamula kuti malamulowo sapereka umwini wa nthaka m'maso mwa khoti la Australia. Lamulo la Aboriginal Land Rights la 1976 ndilo linabweza Arnhem Land kwa eni ake, ndipo mu Malichi 2025 khoti lalikulu la dzikolo linatsegulira fuko la Gumatj njira yofunira chipukuta misozi.

Amishoni atatula udindo m'zaka za m'ma 1970, mudziwu unayendetsedwa ndi bungwe lakelake la Dhanbul kufikira 2008, pamene unaphatikizidwa ndi midzi ina m'khonsolo yaikulu ya East Arnhem. Chaka chomwecho boma la Northern Territory linalamula kuti maola anayi oyamba a sukulu aziphunzitsidwa m'Chingerezi. Chikhalirecho sukulu ya Yirrkala inali itayamba kuphunzitsa m'zilankhulo ziŵiri mu 1974, poyamba m'Chigumatj, kenaka m'Chidhuwaya, kalankhulidwe kamene kanabadwa pakati pa ana a mafuko osonkhanitsidwa aja, ndipo sikali choloŵa cha fuko lililonse.