Khungwa la Kwinini ndi Madontho a Hahnemann

M'mwezi wa April 1859 David Livingstone ndi John Kirk anafika ku Nyanja ya Chilwa, naona phiri lathu la Zomba litaima chakumadzulo. M'katundu wao munali mankhwala amene iwo anawasamala koposa nsalu ndi mikanda, ndiwo kwinini. Mankhwalawa achokera m'khungwa la mtengo wotchedwa cinchona, umene kwao ndi ku mapiri a Andes, ku South America. Tsono khungwa lomweli ndilo linabala chiphunzitso cha homeopathy, chimene anthu akhala akukangana nacho zaka zoposa 200. Tiyeni tilondole mbiri yake, kuti tione ngati chili ndi maziko.

Mwini chiphunzitsochi anali Samuel Hahnemann, dotolo wa ku Germany, wobadwa mu 1755. Masiku amenewo madotolo a ku Ulaya anali kukhetsa mwazi wa odwala, nawamwetsa mankhwala aukali otsegula m'mimba, kotero kuti ambiri anafa ndi chithandizo chimene, osati ndi nthenda ai. Hahnemann ananyansidwa nazo, ndipo pamenepa tiyenera kumlemekeza. Mu 1790, alikumasulira buku la William Cullen wa ku Edinburgh, anawerenga za khungwa lija, naganiza zoliyesa pa thupi lake. Atamwa masiku angapo anamva kuzizidwa, ludzu ndi kugunda kwa mtima, zonga za munthu wamalungo. Apo anagamula kuti chinthu chodwalitsa munthu wamoyo chingathe kuchiritsa wodwala nthenda ya zizindikiro zomwezo.

Lamulo lake lachiwiri ndilo lodabwitsa koposa. Iye anaphunzitsa kuti mankhwala akasukulutsidwa ndi kukhutchumulidwa mphamvu yao ikula. Atenga dontho limodzi, nalithira m'madontho 99 a madzi, nakhutchumula. Atapanso dontho limodzi pamenepo, nalithira m'madontho ena 99, nachita chomwecho kufikira ka 30. Zonsezi anazilemba m'buku lake lotchedwa Organon, limene linatuluka koyamba mu 1810.

Pano mpamene pagona nkhani. Chinthu chilichonse chili ndi tizigawo tochepetsetsa, ndipo tikatha sipatsala kanthu kogawanso. M'masiku a Hahnemann panalibe wodziwa kuchuluka kwake kwa tizigawoti, pakuti woyamba kutiyeza anali Josef Loschmidt mu 1865, Hahnemann atamwalira kale mu 1843. Lero tidziwa kuti munthu akasukulutsa motero kupitirira ka 12, m'botolo simutsala ngakhale kachigawo kamodzi ka mankhwala aja. Taganizani munthu atathira supuni imodzi ya shuga m'Nyanja ya Chilwa, navundula nyanja yonse: kapu yotungidwa m'menemo idzakhala ndi shuga wambiri koposa mankhwala a m'botolo losukulutsidwa ka 12. Nanga la ka 30 mudzapezamo chiyani?

Anthu a nthawi yake sanangokangana ndi pakamwa pokha. Mu 1835, mumzinda wa Nuremberg, anakonza mabotolo, ena a mchere wosukulutsidwa ka 30, ena a madzi okhaokha. Anawasakaniza, nawalemba manambala, nabisa kalata yonena za m'kati mwake, kotero kuti wopereka ndi wakumwa yemwe sanadziwe chimene chili m'botolo. Potsegula kalata ija kunapezeka kuti ambiri sanamve kanthu konse, ndipo ochepa amene anamva kanthu anali a mbali zonse ziwiri. Mayeso amenewa ali m'gulu la oyambirira a mtundu wao, ndipo njira yobisa yotereyi ndiyo iyesa mankhwala atsopano kufikira lero.

Wina adzafunsa, nanga bwanji ambiri anachitira umboni kuti anachira? Sanali kunama. Nthenda zambiri, monga chimfine, zitha zokha. Munthu afuna mankhwala pamene nthenda yafika pachimake, ndipo ikayamba kutsika ayamika chimene anamwa dzulo. Mtimanso ukhala pansi pamene dotolo akhala nawe nthawi yaitali, namvetsera madandaulo ako. Ndiponso m'masiku okhetsa mwazi aja, womwa madzi okha anapulumuka zoopsa zimene mnzake anakomana nazo. Koma madzi ndi mau okoma sizipha tizilombo ta m'mwazi.

Umboni wake uli m'dziko lathu lomwe lino. Mu 1820 Afalansa awiri, Pelletier ndi Caventou, anapatula kwinini m'khungwa lija, kotero kuti kunatheka kumuyeza pa sikelo. Livingstone sanali kumusukulutsa ai. Anali kumwetsa wodwala kufikira makutu alira, ndipo anthu ambiri a paulendo wake anadzuka. Bishopu Charles Mackenzie, amene anakhazika misyoni ku Magomero mu 1861, anatsika Shire mu January 1862 kukakomana ndi Livingstone pa mathiriro a Ruo. Bwato linagubuduka, mankhwala namira. Malungo atamgwira panalibe chomwa, ndipo anamwalira pa 31 January 1862. Mnzake Henry Burrup ananyamulidwa kubwerera ku Magomero, namwalira komweko. Chifukwa chenicheni chinadziwika pambuyo pake: mu 1880 Alphonse Laveran anaona kachilombo ka malungo m'mwazi, ndipo mu 1897 Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu. Kwinini achiritsa pakupha kachilomboko, osati pakufanana ndi nthenda monga anaganizira Hahnemann.

Owerenga asayese kuti nzeru za sayansi zikana mankhwala a m'tchire. Alenje a m'chigwa cha Shire anali kupaka mivi yao ulembe wa kombe. Tsiku lina Kirk anatsuka mano ndi mswachi umene unakhudzana ndi kombe m'thumba mwake, namva kuwawa m'kamwa, naona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anaufufuza zaka zambiri, ndipo mu 1885 anaulengeza kwa madotolo anzake monga mankhwala a mtima. Nzeru ya makolo athu inayesedwa, nipezeka kuti ili ndi mphamvu yoyezeka. Homeopathy si mankhwala azitsamba, ngakhale ogulitsa ena asokoneza ziwirizi: m'mphika wa sing'anga muli muzu weniweni, wothandiza kapena wopweteka, koma m'botolo la ka 30 muli madzi kapena shuga basi.

Mayeso anapitirira m'maiko ambiri. Mu 2009 bungwe la World Health Organization linachenjeza kuti homeopathy isagwiritsidwe ntchito pochiza malungo, chifuwa chachikulu kapena HIV. Mu 2015 bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa umoyo, litasanthula mayeso ambiri, linanena kuti palibe nthenda ndi imodzi yomwe imene pali umboni wodalirika wakuti homeopathy iichiza. Boma la France linaleka kulipirira mankhwalawa pa 1 January 2021.

Tsono yankho la mbiri ndi ili: Hahnemann anaona bwino kuipa kwa madotolo a nthawi yake, koma malamulo ake awiri anayesedwa, nalephera. Madontho ake sapweteka mwa iwo okha. Choopsa chili pa masiku amene atayika. Mwana wotentha thupi ku Zakazaka kapena ku Chinamwali afunika kupimidwa mwazi lero lomwe, pakuti malungo sadikira. Akulu anati safunsa anadya phula. Wina akakupatsani botolo, la ku Ulaya kapena la kwathu konkuno, mufunseni mafunso awiri: muli chiyani m'menemu, ndipo analiyesa ndani?