TLR4

TLR4 ndi puloteni yokhala pachikuto cha maselo oyera a magazi, makamaka otchedwa macrophage. Ntchito yake ndi kuzindikira LPS, poizoni wopezeka pachikuto cha mabakiteriya monga Salmonella ndi E. coli. Ikangomuzindikira, selo limatulutsa timapuloteni ta cytokine toitana anzake kunkhondo. Thupi limatentha, pamalo pomwe pali mabakiteriyawo n'kutupa. Chitetezo chathu n'chimenecho. Tsoka limadza mabakiteriya akadzaza m'magazi, chifukwa mfuu yoitana maselo ija imapyola muyeso: mitsempha imatakasuka, magazi amayenda mofooka, manja amazizira, impso n'kulefuka. Matendawa, otchedwa sepsis, amapha msanga. Bruce Beutler anatulukira ntchito ya TLR4 pofufuza mbewa mu 1998, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2011.