Nyimbo za Pamtondo

Kale mlendo anali kudziwa kuti mudzi uli pafupi asanaone denga, pakumva kugunda kwa misi. Akazi awiri kapena atatu anali kukonola pa mtondo umodzi molandizana, ndipo kugundako ndiko kunali ng'oma ya nyimbo zao.

Nyimbozo sizinali zocezera cabe ai. Mkazi amene sakanatha kutsutsa mwamuna wace kapena apongozi pamaso, anali kuimba dandaulo lace pamtondo, mudzi wonse ulikumva, ndipo wolakwayo anali kudzidziwa yekha. Amuna atayamba kupita ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, ena osabweranso, akazi anaimbanso za macona, za njala ndi za nsaru zong'ambika.

Zigayo zitacuruka m'midzi, manja a amai anapumula, ndipo cimeneci ncabwino ndithu. Koma pacigayo phokoso silimlola munthu kuimba, ndipo atsikana ambiri anakula osaphunzira nyimbozo. Zina mwa izo zinapulumuka cifukwa Hugh Tracey anazijambula pamene anayendera Nyasaland mu 1950 ndi 1958. Lero zikusungidwa kutali, ku Rhodes University, m'dziko la South Africa.