Ndiwo za m'madeya: mbiri ya nukazuke ku Japan

Pa chakudya cha ku Japan, pambali pa mpunga ndi msuzi wa soya wotchedwa miso, pamakhala kambale kakang'ono ka nkhaka, mabilinganya kapena muzu woyera wotchedwa daikon, zodula timapisi. Alendo ambiri akalawa amaganiza kuti masambawo anawaviika mu viniga. Koma ngati ndi nukazuke, mulibe viniga ngakhale dontho. Kuwawasa kwake kumachokera m'madeya a mpunga, omwe kwathu kuno, ku Karonga kapena ku Nkhotakota, amathera kwa nkhumba ndi nkhuku.

Madeyawo amawasakaniza ndi mchere ndi madzi mpaka afewe ngati dothi lomatira, kenako amaikamo tsabola ndi ndere za m'nyanja zotchedwa kombu. Chosakanizachi amachitcha nukadoko. Masiku oyambirira amakwiriramo makoko a kabichi n'kumawataya, kuti tizilombo towawasitsa, tofanana ndi tija ta m'chambiko, tichulukane. Chikakhwima, nkhaka imakoma ikagonamo usiku umodzi wokha. Ena amaponyamo msomali wachitsulo kuti mabilinganya asataye mtundu wake wokongola. Ntchito yaikulu ndi kutakasa ndi manja tsiku lililonse. Ukangolekerera, pamwamba pamachita chuku ndipo pansi pamayamba kununkha.

Kusunga masamba mumchere n'kwakale ku Japan. Buku la malamulo a kunyumba yachifumu lotchedwa Engishiki, lomwe linamalizidwa mu 927, limatchula masamba otchedwa suzuhori, osungidwa mumchere wosakaniza ndi ufa wa mbewu kapena soya. Koma nukazuke yeniyeni inafala m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: m'nyengo imeneyi anthu a m'mizinda anayamba kudya mpunga wopunthidwa mpaka kuyera mbee, ndipo madeya anachuluka, osowa nawo chochita.

Mpunga woyerawo unabwera ndi tsoka. Mumzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo, anthu ankatupa miyendo, kuchita dzanzi, kufooka, ena mtima n'kuima. Matendawa, omwe ndi beriberi, ankawatcha kuti matenda a ku Edo, chifukwa munthu akabwerera kumudzi, kumene ankadya mpunga wosayera ndi balere, nthawi zambiri ankachira. Sanali matenda a amphawi. Ankagwira kwambiri amene anali ndi ndalama zodyera mpunga woyera katatu pa tsiku. Chimene palibe ankadziwa n'chakuti vitamini B1 amakhala m'madeya omwe ankatayidwa aja, ndipo masamba akagona mu nukadoko amayamwa vitamini ameneyu. Sitinganene kuti kambale ka nkhaka kanathetsa mliriwo, ayi, chifukwa beriberi inapitirira kupha anthu. Koma amayi a m'makhitchini ankabwezera pa mbale gawo lina la zimene mtondo unachotsa, madokotala asanadziwe n'komwe chimene chikusowa.

Madokotalawo anakangana zaka zambiri. Mu 1883, sitima ya asilikali apamadzi yotchedwa Ryujo inabwerako ku ulendo wautali anthu 169 mwa 376 atadwala, ndipo 25 atamwalira. Dokotala Takaki Kanehiro anakayikira chakudya. Chaka chotsatira anatumiza sitima ina, Tsukuba, pa njira yomweyo, koma ndi chakudya chosinthidwa, chokhala ndi nyama, mkaka ndi masamba ambiri. Palibe anafa ndi beriberi. Asilikali apamadzi anayamba kusakaniza balere mu mpunga, koma madokotala a asilikali apamtunda anaumirira kuti matendawa amayamba ndi tizilombo. Pa nkhondo ya Japan ndi Russia ya 1904 mpaka 1905, asilikali oposa 27,000 anafa ndi beriberi. Kuuma mutu kwa anthu ophunzira kunadula kwambiri pamenepo. Mu 1910, katswiri wa sayansi Suzuki Umetaro anapatula mankhwala ochiritsa matendawa kuchokera m'madeya a mpunga, n'kuwatcha oryzanin. Ndiwo amene pambuyo pake anadziwika kuti ndi vitamini B1.

Dera lililonse lili ndi kapangidwe kake ka ndiwo za m'madeya. Takuan ndi daikon wouma padzuwa amene amakhala m'madeya ndi mchere kwa miyezi, ndipo anthu amati dzinalo linachokera kwa mmonke wa Chibuda, Takuan Soho, amene anamwalira mu 1645. Ku Fukui amakwirira nsomba m'madeya n'kupanga heshiko. Koma anthu amati kuchimake kwa nukadoko ndi ku Kokura, mumzinda wa Kitakyushu. Kumeneko amasimba kuti mfumu Ogasawara Tadazane, imene inafika m'deralo mu 1632, inkakonda kwambiri ndiwozi ndipo inalimbikitsa anthu ake kuzipanga. Mpaka lero kuli mabanja ndi malo odyera amene amanyadira nukadoko ya zaka zoposa 100, yongowonjezeredwa madeya ndi mchere kuchokera kwa agogo kufika kwa adzukulu. Kale mwana wamkazi akamakwatiwa ankapatsidwa kagawo kake. Anthu a ku Kokura amaphikanso nsomba ndi nukadoko yomweyo, chakudya chotchedwa nukadaki.

Lero mabanja ambiri satakasanso mtsuko m'mawa uliwonse. Amagula nukadoko yokhwima kale m'thumba la pulasitiki, n'kuisunga m'firiji, momwe kuzizira kumachedwetsa tizilombo tija kotero kuti kutakasa kwa apo ndi apo kumakwanira. Ena okonda zamakedzana amati kukoma kwake sikufika pa ya mumtsuko. Ndipo amene akufuna kuyesa adziwe kuti ndiwozi zimakhala ndi mchere wambiri. Ku Japan amazitsuka kaye madeya aja, n'kudya timapisi tochepa chabe pambali pa mpunga.