Gogo wa ku Duanvale amene ankasunga buku la manda

Anthu ambiri amalidziwa dera la Trelawny, kumpoto kwa chilumba cha Jamaica, chifukwa cha katswiri wothamanga uja, Usain Bolt. Koma kalekale dera limeneli linkatchuka ndi nzimbe. Minda ikuluikulu ya azungu inkalimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa, ndipo shuga ankakwezedwa m'sitima zapamadzi pa doko la Falmouth kupita ku Britain. Ukapolo unatheratu pa 1 Ogasiti 1838. Mbusa wa Baptist wa ku Falmouth, William Knibb, anali m'gulu la amene anaulimbana nawo kwambiri, ndipo mipingo ya Baptist inathandiza omasulidwawo kupeza malo omangapo midzi yawo, pamodzi ndi tchalitchi ndi sukulu.

M'dera lomweli, m'mudzi wa Duanvale, munabadwa Violet Mosse pa 10 Malichi 1900, patangotha zaka pafupifupi 62 ukapolo utatha. Nkhalamba zina za m'nthawi ya ubwana wawo zinali zobadwira muukapolo. Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene inkalamuliranso Jamaica, inamwalira mu Januwale 1901 iwo akadali khanda la kumsana, ndipo pamene Jamaica ankalandira ufulu wodzilamulira mu 1962, anali kale gogo.

Moyo wawo unali wa mayi wa kumudzi: kulima nzimbe, kugwira ntchito m'nyumba za ena, kulera ana asanu ndi mmodzi. Anabatizidwa mu mpingo wa Baptist ali ndi zaka 13, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo ankaimba limba m'tchalitchi. Atakwatiwa ndi Augustus Gaynor Brown anayamba kudziwika kuti Violet Brown, ngakhale m'mudzimo aliyense ankangowaitana Aunt V, kunena kuti azakhali.

Chimene chiyenera kukumbukiridwa kwambiri ndi ntchito ya buku la manda. Amuna awo ndiwo ankalemba maina a anthu oikidwa m'manda a m'mudzimo, ndipo atamwalira, Aunt V anatenga cholembera n'kupitiriza mpaka atadutsa zaka 100. Ntchitoyi imaoneka yaing'ono, koma taganizirani malo ake. Pa nthawi ya ukapolo, munthu wakuda ankalembedwa m'mabuku a mwini munda pamodzi ndi ng'ombe ndi zipangizo, nthawi zambiri ndi dzina limodzi lokha lopatsidwa ndi mzungu. Kuti mudzi wa zidzukulu za akapolowo ukhale ndi buku lakelake, losonyeza kuti uje anali ndani ndipo anagona pati, chinali chinthu chachikulu. Mayi amene anakhala zaka zoposa zana pamudzi umodzi ankawadziwa ndithu anthu amene ankawalembawo: anzake a ubwana, ana amene anawaona akubadwa, ngakhalenso ana a anawo.

Atolankhani akamabwera, funso linkakhala limodzimodzi, lakuti chinsinsi cha moyo wawo wautali n'chiyani. Gogoyu sankakometsa. Ankanena za kugwira ntchito, kupembedza Mulungu ndi kulemekeza makolo, n'kuonjezera kuti amadya chilichonse kupatula nkhumba ndi nkhuku, ndiponso kuti ramu, kachasu wa nzimbe wa kwawoko, samulawa.

Pa 15 Epulo 2017, Emma Morano wa ku Italy atamwalira, Aunt V anakhala munthu wamkulu kuposa onse padziko lapansi mwa amene zaka zawo zinatsimikizika. Chimwemwe chake sichinakhalitse. Patangopita masiku anayi, mwana wawo woyamba, Harland Fairweather, anatisiya ali ndi zaka 97. Akuti panalibe munthu wina wamkulu chotero amene kholo lake linali lidakali moyo. Mayi wa zaka 117 analira maliro a mwana amene nayenso anali nkhalamba yotheratu, ndipo n'zovuta kuganiza kuti satifiketi ya Guinness World Records ikanatha kuchepetsa chisoni chotere.

Aunt V anamwalira pa 15 Seputembala chaka chomwecho m'chipatala china ku Montego Bay, atakhala zaka 117 ndi masiku 189. Anasiya ana anayi amoyo, zidzukulu ndi zidzukulutudzi, ndipo ndiwo anali munthu womaliza wodziwika mwa onse obadwa pansi pa ulamuliro wa Victoria. Thupi lawo linaperekedwa ku University of the West Indies kuti akatswiri a zachipatala akafufuze za ukalamba.